Chikho Chimene aNangozo Anakana

Dziko la Musavutike simungalipeze pa mapu, ndipo mlandu wake si wa ojambula mapu ayi. Iwo anafika ndithu, zingwe zoyezera zili m'manja, n'kupempha kuti alijambule. Eni dziko anawomba m'manja nati, "Ayi, musavutike." Alendowo anapinda mapepala awo, ulendo. Eni dziko anayala mphasa n'kukhala pansi kudikira kuti apemphedwe kachiwiri, ndipo ndikumva kuti mphasayo yasinthidwa kangapo.

Kumeneko munthu woleredwa bwino salandira chinthu pomwe wapatsidwa. Amakana koyamba, amakana kachiwiri, ndipo kachitatu m'pamene amatambasula manja onse awiri n'kunena motsitsa mawu kuti, "Poti mwandikakamiza." Mwambowu ndi wa makolo, koma amene anausandutsa lamulo ndi Mfumu Mwandikakamiza wa Chiwiri, imene pa tsiku lolongedwa ufumu inakana mpando kawiri misozi ili mbwembwembwe, kwinaku itakhala kale pampandopo kuti imve ngati ndi wofewa. Chiyambire tsiku limenelo wodwala amakana jakisoni kawiri, mkaidi amakana kutuluka m'ndende kawiri, ndipo wogwera m'chitsime amakana chingwe kawiri, n'chifukwa chake zitsime za kumeneko amakumba zosazama. Koma lamulo lomwelo linati kukana kachitatu ndi chipongwe kwa wopereka. Ndiye taonani zake: m'dziko la anthu okana kuyambira m'mawa mpaka madzulo munalibe munthu amene akanatha kukana zenizeni.

Masiku amenewo wailesi ya kanema inali itangofika kumene m'maufumu a chigawocho. Zithunzi zake zinali zakuda ndi zoyera basi, ndipo mphepo ikawomba anthu a m'bokosimo ankaoneka ngati akuyenda m'mvula. A ku Nthawiyatha, dziko la anthu opanga mawotchi, ndiwo anabwera ndi nzeru yakuti m'malo molimbirana malire ndi kuberana ng'ombe, maufumu azipikisana pa nyimbo. Ufumu uliwonse utumize woimba mmodzi, aimbe pamaso pa makina ojambulira, maiko onse aonere nthawi imodzi, wopambana atenge chikho. Anautcha Mpikisano wa Nyimbo za Maufumu.

Mthenga wawo anafika ku Musavutike pa njinga yamoto kudzaitana. Mfumu inasangalala kwambiri, choncho inakana. Mthengayo anagwedeza mutu n'kuliza njinga yake, fumbi koboo. Nduna zinamudikira pachipata mpaka dzuwa kulowa, koma sanabwerere. Chaka chotsatira anatulukiranso ndi uthenga womwewo.

"Mwaona?" inatero Mfumu. "Anthuwa ulemu ali nawo, kungoti ndi ochedwa."

Inakananso. Chaka chachitatu mthenga uja, amene tsopano ankangoima pamenepo kuti amweko madzi, asanamalize n'komwe kulankhula Mfumu inatambasula manja n'kuti, "Poti mwatikakamiza." Choncho a ku Musavutike analowa mpikisanowo ali ndi chikhulupiriro chonse kuti dziko lapansi limaitana katatu.

Mfumu inagula mabokosi awiri a kanema, lina la kunyumba yachifumu, lina la pamsika waukulu wa Tingoonako. Kenako inaitanitsa bwalo la nduna. Inali itamva kuti zaka ziwiri zoyambazo chikho chinapita ku Bweretsani, ndi kuti mfumu ya kumeneko, mnzake wa paubwana amene ankaiposa ngakhale pa bawo, inkamwera thobwa m'chikhocho alendo akuona. Nkhani imeneyi inkaisowetsa tulo.

"Ife sitifuna chikho," inayamba motero Mfumu, nduna n'kuvomereza ndi mitu. "Chikho n'chiyani? Chitsulo chabe. Sitichifuna m'pang'ono pomwe. Koma amene timutume akabwerako chimanjamanja, asadzaimbenso m'dziko lino moyo wake wonse. Pa ukwati ayi, pa maliro ayi, kumunda ayi, m'bafa ayi."

Ng'oma inalira, lamulo linakhazikika. M'mawa mwake oimba onse a kunyumba yachifumu anadzuka ndi chimfine. Chimfine si kukana, ndiye lamulo linasowa pochigwira.

Panatulukanso vuto lina. Malamulo a mpikisano ankati nyimbo isatchule dzina la mfumu iliyonse. Nduna zinakhala tsiku lathunthu kuimba chamumtima nyimbo zonse zimene zinkazidziwa, ndipo iliyonse ikangofika pamzere wachiwiri inkagunda dzina la Mfumu. Ina inayesa kuchotsa dzinalo pa nyimbo yotchuka ya kusukulu, koma chimene chinatsala chinali "eee" ndi "aaa". Pomaliza wina anakumbukira kuti nyimbo za pa ukwati zinaiwalika pa nthawi imene boma linkakonza nyimbo, chifukwa nduna pa ukwati zimakhala kumene kuli nyama, osati kumene akuimba.

Ntchito yofuna woimba wa pa ukwati inagwera Nduna ya Ulemu ndi Makhalidwe, a Kamtedza, bambo wamfupi amene ankapepesa ngakhale chitseko akachigunda. Aliyense amene anamufunsa ankawalozera kumodzi: pamsika wa Tingoonako, pamzere wa nyemba, kwa aNangozo.

Akuluakulu anati ukaipa dziwa nyimbo. ANangozo sanali oipa, koma nyimbo ankazidziwa ngati munthu woipitsitsa m'dziko. Anali mayi wamasiye. Nyemba ankagulitsa kuti papezeke mchere, koma ntchito yawo yeniyeni inali kutsogolera nyimbo pa maukwati, moti m'dera lonselo munalibe mtsikana amene anatuluka m'nyumba ya amake popanda mawu awo kumuperekeza. Anaimbira ana a eni zaka zonsezo, ndipo chaka chimenecho chinali chawo tsopano. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Esinta, ankakwatiwa anthu akangomaliza kukolola.

"Mayi, Mfumu yakusankhani kuti mukatiimbire kwa eni," anatero a Kamtedza atamaliza malonje onse.

"Ayi bambo, musavutike. Ine ndine wa nyemba."

"Mwakana bwino. Mfumu yakusankhani."

"Bambo, ndikunena zoona. Lamulo lija ndalimva. Mwana wanga akukwatiwa chimanga chikalowa m'nkhokwe. Ndikakalephera kumeneko, adzamuimbira ndani?"

A Kamtedza anatembenukira anthu amene anasonkhana. "Mwakumva kukana kwake? Kuli ndi chifukwa chomwe. Atsikana a masiku ano, phunzirani." Atatero anabwereza kachitatu.

ANangozo anayang'ana msilikali amene anaima kumbuyo kwa nduna, anayang'ana nyemba zawo. "Poti mwandikakamiza," anatero. Aka kanali koyamba m'mbiri ya dzikolo kuti mawu amenewa anenedwe ndi munthu wokakamizidwadi.

Nduna itachoka, mnzawo wogulitsa zitumbuwa, Mayi Dofa, anasendera pafupi. "Anzanga, chimfine mwachisowa bwanji nyengo yozizira ino?"

"Chinathera kunyumba yachifumu," anayankha a Lumbe, telala wa pakhonde la sitolo, osakweza mutu pa makina awo. "Zabwino zonse zimayambira kumeneko."

ANangozo sanaseke. Ankaopa, ndipo sanabise. "Ndaimbira ana a eni mpaka mawu kusasa," anatero. "Wangayu ndidzangokhala duu ngati mlendo?"

Anapita pa basi ya ufumu, imene inachedwa kunyamuka chifukwa dalaivala ankakana makiyi. Ku Nthawiyatha anawalowetsa m'chinyumba chopanda mawindo, chodzaza nyale zotentha ngati uvuni wa njerwa. Anawapatsa womasulira, mtsikana wofatsa amene ankamasulira liwu lililonse mmene lilili, osathirako mchere. Wina anabwera ndi tiyi, iwo anakana, tiyi n'kupita. ANangozo anangoti anthuwa atanganidwa, abwera nayenso. Mwini mwambo anali bambo wamtali wovala mawotchi awiri, ina dzanja ili, ina dzanja ilo, ndipo polankhula ndi munthu ankayang'ana mawotchiwo m'malo mwa nkhope.

"Akuti nyimbo isapitirire mphindi zitatu," anatero womasulira.

"Kwathu mphindi zitatu n'zokonzera kukhosi. Nanga ondivomera ali kuti?"

"Akuti muimba nokha."

"Ndekha ngati wamisala?"

Womasulira anamasuliranso zimenezo, bambo wa mawotchi n'kuvomera kuti inde.

Loweruka masana malonda pamsika wa Tingoonako anaima. Bokosi analikweza pa migolo iwiri pansi pa mtengo wa mango, batire ya lole ili pambali, a Lumbe atagwira waya wa mlongoti chifukwa akangousiya zithunzi zinkathawa. Esinta anamukhazika kutsogolo. Bambo wa mawotchi ataonekera n'kupereka moni, msika wonse unayankha n'kumufunsa za kunyumba. Iye anangopitiriza zake.

"Ndi ogontha," anatero Mayi Dofa, "koma avala bwino."

Anaimba a maufumu ena. Wa ku Mtsinjewauma anaimba atatseka maso, moti anamalizira nyimbo akuyang'ana khoma. Wa ku Bweretsani, mnyamata wa tsitsi lonyezimira mafuta, anaimba dzanja limodzi litatambasukira kale kumene kunali chikho. Kenako anatulukira aNangozo, chitenje chatsopano, duku pamutu, nkhope ili thukuta lokhalokha. Anaimba nyimbo ya mayi amene mwana wake wapita ku banja.

Wapita mwana, amake atola tsache,
asesa posesa kale, asesa posesa kale.
Mukawafunsa, akuti ndi fumbi m'maso,
asesa posesa kale.

M'chinyumba muja munalibe wowavomera, koma pamsika wa Tingoonako amayi onse anavomera, osasamala kuti mwini nyimbo sakuwamva. Ndipo akuti ngakhale kwa eni, kumene sanamvepo liwu ndi limodzi lomwe, amayi ena anayamba kufunafuna mipango m'zikwama zawo.

Itakwana nthawi ya malikisi, ufumu uliwonse unkaimba lamya kunena amene wausangalatsa. Lamya ya ku Musavutike anaigwira a Kamtedza kunyumba yachifumu. Anayamba ndi kufunsa mmene bambo wa mawotchi adzukira, mmene adzukira amayi kunyumba, ana, ndi ngati mvula inagwa bwino kumeneko. Ali pa nkhani ya ziweto lamya inadulidwa, ndipo malikisi a ku Musavutike sanamveke chaka chimenecho. A maufumu ena anamveka, ndipo dzina limene linkangobwerabwera linali limodzi. Likatchulidwa, msika wonse unkawerama n'kuliuza bokosi kuti, "Ayi, musavutike."

ANangozo anapambana. Malipenga analira, bambo wa mawotchi ananyamula chikho chachikulu ngati mtsuko n'kuwalunjika nacho. Mtima wawo unali pa Esinta, ndipo manja ankachita kuwayabwa. Koma maiko onse ankaonera, Mfumu inkaonera, ndipo munthu sangachititse manyazi amene anamulera pamaso pa khamu lotero. Anabwerera m'mbuyo pang'ono, anapinda maondo, anawomba m'manja mofatsa.

"Ayi bambo, musavutike. Ine ndine yani? Anzangawa ndiwo aimba bwino."

Pamsika anthu anawomba m'manja. Kunali kukana kokongola, kosafulumira, kosanyada, ndipo a Kamtedza akuti analira. Womasulira anamasulira mmene zinalili. Bambo uja anayang'ana wotchi ya kumanja, anayang'ana ya kumanzere, anakweza mapewa n'kutembenuka. Mnyamata wa ku Bweretsani, amene anali wachiwiri, anali atafika kale. Analandira chikho ndi dzanja limodzi, osagwada n'komwe. ANangozo anatsala chiimire, kukana kwachiwiri kuli m'kamwa.

"Dikirani, abwereranso," anatero munthu wina pamsika.

Anthu anadikira. M'bokosi munabwera mbendera, kenako bambo wina wonena za nyengo, kenako mchenga wokhawokha uli waa.

"Mwina abwera nacho chaka chamawa," anatero a Lumbe akusiya waya. "Si mmene amachitira?"

 Mayi Dofa anayang'ana Esinta, amene anakhala dzanja lili patsaya, n'kupita kukakhala naye pafupi.

Ku Nthawiyatha nyale anazimitsa, anthu anayamba kutulutsa mipando. ANangozo anamugwira dzanja womasulira uja.

"Mwanawe, bambowa abwera nthawi yanji kudzandipatsa kachiwiri?"

"Apita kwawo, mayi. Inu munakana."

"Nanga kuno munthu akachifuna chinthu amatani?"

"Amalandira."

"Koyamba komweko?"

Mtsikanayo anawayang'ana modabwa. "Nanga kachiwiri kachokera kuti?"

ANangozo anakhala pa mpando umene unatsala, popanda wowapatsa. Funso limenelo anayenda nalo ulendo wonse wobwerera.

Asanafike n'komwe kwawo, bwalo la nduna linali litakhala kale. Mbali ina inkati mayiyu wabwera chimanjamanja, lamulo ligwire ntchito. A Kamtedza ankati mayiyu wakana monga lamulo linenera, ndipo kumulanga n'kulanga ulemu weniweniwo. Malamulo onse awiri anali a Mfumu, ndipo mawu a Mfumu sabwerera m'kamwa. Nduna ya Nkhondo inati angopita akachilande chikhocho ku Bweretsani, koma anaikumbutsa kuti asilikali ayenera kukana mfuti kawiri, pamene adani aja sadikira. Ina inati aitane wokhoma zidebe apange chikho china, Mfumu inati mnzake uja angachizindikire. Pomaliza anagwirizana zolengeza kuti dziko la Musavutike lapambana mpikisano wina wapamwamba kuposa wa nyimbo, mpikisano wa ulemu, umene chikho chake sichioneka ndi maso. Za aNangozo anati poti m'manja mwawo munalibe chooneka, ayambe akhala chete kufikira nkhani yawo itaunikidwa bwino.

Analamula tsiku la tchuthi. Amuna anayi amphamvu anazungulira msika atanyamula tebulo loyalidwa nsalu yoyera, pamwamba pake palibe kanthu, malipenga ali patsogolo, nduna zili m'mbuyo. Anthu anauzidwa kuti ayamikire, ndipo anayamikira.

"Mwapendeketsa, chigwa," a Lumbe anawachenjeza onyamulawo, iwo n'kuwongoladi tebulo. Atadutsa, a Lumbe anati, "Ndiye tapambana, koma wopambanayo walakwa."

"Inu sokani," anatero Mayi Dofa, "mungapambane nanunso."

Pamzere wa nyemba anaikapo msilikali, ntchito yake kumvetsera. Anali bambo wabwino, ndipo pa ukwati wake amene anaimba anali aNangozo omwewo, moti akamva kanyimbo kakuyambira m'mphuno mwawo ankatsokomola mwamphamvu kuti iye mwini asamve. Chimanga chinalowa m'nkhokwe. Madzulo amayi ankasonkhana kuseri kwa nyumba ya aNangozo kuphunzira nyimbo za ukwati wa Esinta. Wotsogolera anali wina, mayi wa mawu abwino ndithu koma woyamba nyimbo pamwamba kwambiri, moti pofika pakati onse ankakhala atapachikika. ANangozo ankamvera m'nyumba, lichero lili pamiyendo, akusankha nyemba. Zinkawapweteka kwambiri. Chikho sanachilirepo ndi tsiku limodzi lomwe, koma nyimbo yopachikikayo inkawagwetsa misozi.

"Amayi, tingosuntha ukwati," anatero Esinta tsiku lina.

"Usunthire liti? Nkhani ikaunikidwa? Udzakwatiwa uli ndi imvi."

"Ndiye mudzangoimba. Adzakumangani pa ukwati?"

"Adzandimanga apongozi ako akuonerera. Ufuna ulowe m'banja ndi mbiri imeneyo?" Anagwedeza lichero. "Manyazi anapha lambe, mwanawe. Chinthu chinali apa, manja ndili nawo."

Chimene chinasintha zinthu si chifundo ayi. Kwa eni kuja anthu sanaiwale mayi amene anakana chikho, pamene za mnyamata wa mafuta m'tsitsi panalibe ankazikamba. Ankafunsa kuti mayi uja anapita kuti, mpaka a kanema a ku Nthawiyatha anatumanso mthenga wa njinga uja kudzapempha kuti adzawajambule aNangozo kwawo. Apa a Kamtedza anaonetsa kuti unduna sanaupeze mwangozi. Anamutulutsa mthengayo pachipata n'kumulowetsanso, kumutulutsa n'kumulowetsanso, kuti Mfumu ipeze pokanira, ndipo ntchito ya zaka zitatu inatha dzuwa lisanapendeke.

Mfumu itamva kuti nkhope yake ioneka m'maiko onse, kuphatikizapo m'chipinda chochezera cha mnzake wa ku Bweretsani, mtima wake unafewa nthawi yomweyo. Inalengeza kuti idzawakhululukira aNangozo pamaso pa makina ojambulira Lachinayi, ukwati uli Loweruka. Inakonza zolankhula zitatu, chimodzi pa kukhululuka kulikonse, chachitatu chotalika kuposa zinzake chifukwa ndicho chinali ndi mbiri ya makolo ake onse.

A Kamtedza anabwera kumsika kudzawakonzekeretsa. "Koyamba mukane mutawerama. Kachiwiri mukane mukulira pang'ono. Musafulumire, mayi, Mfumu ili ndi mawu ambiri."

"Nanga filimu ikawathera alendowo musanafike kachitatu?" anafunsa Mayi Dofa.

"Ndiye chikhululuko chidikira adzabwerenso. Mfumu singakhululukire munthu mobisa ngati ikuba."

"Adzabweranso liti?"

"Anthu aja ndi ochedwa," anatero a Kamtedza, "koma amabwera."

Lachinayi bwalo la kunyumba yachifumu linadzaza. ANangozo atagwada pamphasa anakweza maso n'kuona amene waima pambali pa makina: bambo wa mawotchi awiri uja, womasulira ali pambuyo pake. 

Mfumu inayamba cholankhula choyamba. Inathokoza alendo, inathokoza mvula, inafotokoza kuti iyo sifuna kutamandidwa, n'kufotokozanso zifukwa zake chimodzichimodzi. Bambo uja anayang'ana wotchi ya kumanja. Mfumu inalowa nkhani ya kufatsa kwake, kumene kunayamba ili khanda. Bambo uja anayang'ana ya kumanzere n'kunong'oneza wojambula, wojambulayo n'kuonetsa ndi zala ziwiri kuti filimu yatsala kachidutswa. Bambo uja anakweza mapewa. ANangozo anaona zonsezo, ndipo mapewa amenewo ankawadziwa.

"Choncho," inatero Mfumu pomaliza, itatambasulira manja ku makina, "Mayi Nangozo, takukhululukirani. Kaimbeninso."

Bwalo linakhala chete kudikira kukana kokongola kuja, kumene dziko lonse linapumira nako ntchito.

"Zikomo, Mfumu," anatero aNangozo, manja onse awiri ali patsogolo. "Ndalandira."

Kunamveka nkhuku yokha kuseri kwa mpanda. A Kamtedza anagwira mtengo wa mbendera. Mfumu inayang'ana zolankhula ziwiri zimene zinatsala m'manja mwake, n'kuwerama ngati ikuwadalitsa mayiwo, ikumwetulirabe chifukwa diso la makina linali pa iyo.

"Mayi," inanong'oneza, "mwaiwala kukana."

"Sindinaiwale, Mfumu. Ndinakana kale kwa eni kuja, inu mukuonera. Tiwerengere komweko."

"Kumeneko ndi kumodzi."

"Kwinako ndidzakana ukwati ukatha."

Mfumu inatsegula pakamwa, koma bambo wa mawotchi anali atayamba kale kuwomba m'manja, ndipo womasulira ankauza maiko onse kuti Mfumu yachifundo yakhululuka, mayi walandira. Filimu inathera pomwepo. Chalowa m'bokosi sichituluka, ndipo kubweza chikhululuko chimene mnzake wa ku Bweretsani adzachione ndi maso ake, Mfumu sikanatha. Inapinda mapepala ake awiri n'kuwaika m'thumba, mbiri ya makolo ake ili momwemo.

Pamsika nkhaniyi anaitafuna mpaka madzulo. Akuluakulu anati dziko latha, kanema waononga amayi. Bwalo la nduna linakhalanso kuti lione ngati kukana kwa kunja kwa dziko kumawerengedwa, ndipo likukhalabe. Mayi Dofa, pofuna kuyesa, anavuula chitumbuwa m'mafuta n'kuwapatsa a Lumbe. A Lumbe anayang'ana uku ndi uku, anachilandira, anachiluma.

"Zaka zonsezi," anatero akudzikupiza m'kamwa ndi dzanja, "sindinkadziwa kuti zimakhala zotentha."

Loweruka Esinta anamutulutsa m'nyumba. Mkwatibwi sakweza maso, amayenda atazolika ngakhale akondwe chotani, anankungwi ali uku ndi uku. Amayi anaima mizere iwiri kuyambira pakhomo, ndipo wamkulu wawo anayandikira aNangozo kuti awapemphe monga mwa mwambo.

"Anzathu, mungatiyambireko..."

Sanamalize. Nyimbo inali itayamba kale.

Amene analipo amati mawuwo sanatuluke bwino poyamba. Anali atakhala nthawi osagwira ntchito, ndipo ananjenjemera n'kusweka pakati pa mzere woyamba ngati a munthu wongophunzira kumene. Ku Nthawiyatha sakanapeza nawo malikisi. ANangozo anayambiranso, amayi n'kuvomera mwamphamvu mpaka nkhunda kuthawa padenga. Pamenepo Esinta anaima pakati pa njira, anankungwi akumukoka chitenje, n'kukweza mutu kuwayang'ana amake, misozi ikutsika.

Amake anamulozera ndi dzanja kuti azolike, nyimbo osaisiya.